Madeya athera ku kachasu: kalata yotseguka kwa mkulu wa zaumoyo m'boma la Chiradzulu

Kwa Mkulu wa Zaumoyo,
Khonsolo ya Chiradzulu.

Bwana,

Ndikudziwa kuti mpando wanu masiku ano uli ndi dzina lalitali, koma kuno kumudzi timangoti a DHO, choncho mundilole ndikutchuleni momwemo. Ndalemba poyera chifukwa nkhani ndabwera nayoyi si ya pakhomo pathu pokha. Ndi ya munthu amene wamwa kachasu zaka zambiri, tsiku lina n'kudzuka kunena kuti basi, ndaleka. Tonse timaomba m'manja, akazi ake n'kulira ndi chimwemwe, abusa n'kubwera kudzapemphera. Koma zimene zimachitika m'thupi mwa munthuyo sabata yoyamba ija palibe anatiuzapo, ndipo pamalo pamene panafunika mawu a zaumoyo pafika kale amalonda ndi timabotolo tawo.

Achimwene anga aakulu ankachita geni ya tomato, kupikula ku Mbulumbuzi kukagulitsa ku Limbe. Phindu lonse linkathera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika. Analeka tsiku Lamlungu, pochokera kumaliro a mnzawo amene ankamwa naye. Lolemba manja ankanjenjemera moti tiyi ankathera pa malaya. Tinati ndi matsire, atha. Lachiwiri usiku sanagone, thukuta lili kamukamu ngati avumbwa ndi mvula. Lachitatu anayamba kukutumula bulangete, ati mwadzaza linthumbu, kenako n'kumaloza pakona kuti pali njoka yofiira. Mayi athu anati awa ndi anthu, sakufuna kuti mwana wanga achire. Alamu anati ndi ziwanda za mowa zikutuluka, tipirire mpaka kuche. Ineyo, amene ndinapitako kusukulu pang'ono, ndinangokhala kukamwa yasa. Tinawatengera kuchipatala atagwa pakhonde, thovu kukamwa, miyendo ikuphupha ngati munthu wa khunyu.

Chipatalacho sinditchula, ndipo sindikuchiimba mlandu, chifukwa ife eni ake tinabisa. Atatifunsa ngati odwalawo amamwa, alamu anayankha kuti ayi, analeka. Sananame, koma sananene kuti analeka masiku atatu okha apitawo. Anawayeza malungo, kuwaika diripi, kukomoka kuja n'kutha, tinabwerera kunyumba tikuyamika. Chimene tinabwera nacho ndi munthu woyenda dzandidzandi ngati woledzera pamene sanalawe dontho, maso akuvinavina, wosagwira nkhani. Anthu panjira ankaseka, amvekere akumwera kuchipinda amenewa.

Apa ndi pamene mwana wa achemwali anaona pa WhatsApp malonda a mankhwala ochokera kunja, akuti ochotsa chibaba cha mowa, otsuka chiwindi ndi kubwezeretsa ubongo m'chimake. Tinagulitsa mbuzi yaikazi ya bere. Anatibweretsera timabotolo titatu tonyezimira, tolembedwa Chingerezi chokhachokha. Pa kena panali L-glutamine, pa kena 5-HTP, kachitatu kanali ndi chithunzi cha chiwindi chobiriwira ngati tsamba la mpiru. Wogulitsayo anali mnyamata waulemu, wa tayi pakhosi, ndipo ndikhulupirira kuti iye mwini ankakhulupirira zimene ankanena. Timabotolo tinatha, mbuzi inapita. Lero achimwene samwa, ndipo pa chimenecho tithokoza Mulungu. Koma ukawapeza pakhonde amakufunsa katatu kuti wabwera liti. Amafunsa ngati bambo athu abwerako kudimba, pamene tinawaika kalekale. Ukawafunsa kumene aswera amakufotokozera bwinobwino za ulendo wa ku Limbe ndi mitengo ya tomato, chonsecho sanachoke pa mkeka.

Patapita nthawi mnzanga wina wogwira ntchito zachipatala anandikhazika pansi n'kundimasulira, ndipo zimene ananena ndinakazipezanso m'mabuku. Inu Bwana mukuzidziwa kuposa ine. Ndikuzilemba chifukwa cha ena amene awerenge kalatayi.

Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kulimbana nawo. Zili ngati anthu awiri okokana chingwe: wina akangochitaya mwadzidzidzi, mnzakeyo amagwa chagada. Kunjenjemera kumayamba pasanathe tsiku, kukomoka kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta ndi kuona zinthu zoti palibe kumafika tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi. Gawo lomalizali limapha. Mankhwala ake ndi odziwika, diazepam woperekedwa ndi achipatala mochepetsa pang'onopang'ono, ndipo palibe botolo la pa WhatsApp, ngakhale lodula chotani, limene lingalowe m'malo mwake.

Koma chimene chinawatengera achimwene mutu ndi china. Ndi kusowa kwa vitamini B1, amene achipatala amati thiamine. Ubongo umadya shuga, ndipo popanda B1 shugayo sungamugwiritse ntchito. Thupi silisunga B1 wambiri: munthu akaleka kumupeza, m'masabata awiri kapena atatu nkhokwe yauma. Chidakwa chimaluza pawiri. Mowa umatsekereza matumbo kuti asayamwe vitaminiyu, komanso munthu wa kachasu sadya. Chakudya chake ndi kachidutswa ka pachiwaya kothira tsabola ndi mchere, akafika kunyumba usiku n'kutema mbamu ziwiri za nsima yozizira.

Nsimayonso tiyang'ane bwino. Kuno munthu wolemekezeka timamuphikira ya ufa woyera. Timakonola chimanga, kupeta madeya, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kukagayitsa. Ufa wake ndi woyera mbee, wosalala pakhosi, koma B1 wambiri watsala m'madeya ndi m'madzi a mphale amene tataya kuseri. Nanga madeyawo amapita kuti? Ena ku nkhumba ndi nkhuku, ena amagulidwa ndi mayi wotcheza kachasu uja. Amawaviika ndi shuga, akasasa n'kuwatereka pamoto, nthunzi n'kudutsa mumpope kukadontha m'botolo. Vitamini sakwera ndi nthunzi, amatsala m'mbiya pamodzi ndi matsokwe. Ndiye chimanga chimodzi chomwecho tachigawa pawiri, theka lina lasanduka nsima yoguga, theka lina lasanduka mowa wotseka matumbo, ndipo zonse ziwiri zakumana m'mimba mwa munthu mmodzi. Ufa wa m'mapaketi wa makampani amauthira mavitamini, koma ndi angati kwa Kadewere kapena kwa Nkalo amene amadya ufa wa m'sitolo? Tonse timapita kuchigayo.

Nthenda imeneyi si yachilendo. Dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, anailemba mu 1881: kusokonezeka mutu, maso osakhazikika, kuyenda modzandira. Mu 1887 Sergei Korsakoff wa ku Russia anafotokoza zotsatira zake, munthu wosasunga chatsopano chilichonse, wodzaza mipata ya kuiwala ndi nkhani zopeka mosadziwa. Ndi achimwene ndendende. Choopsa chake n'chakuti imabisala. Ku Perth, m'dziko la Australia, Clive Harper ndi anzake anaunika ubongo wa anthu 131 amene anamwalira nayo, ndipo mu 1986 analengeza kuti mwa anthu 100 alionse, 80 madokotala sanawazindikire ali moyo, ndipo 16 okha ndiwo anaonetsa zizindikiro zonse zitatu. Ngati zinkawaphonya a ku Perth ndi zipangizo zawo zonse, kuli bwanji namwino wa ku Milepa amene ali yekha usiku ndi tochi ya pafoni? Dziko la Australia linaona kuti kudikira zizindikiro n'kutaya anthu, ndipo kuyambira mu 1991 linalamula kuti ufa wa buledi uzithiridwa B1.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe la WHO a zipatala zing'onozing'ono sanena kuti yambani mwatsimikiza. Amati aliyense amene akuthandizidwa posiya mowa apatsidwe thiamine wa mamiligalamu 100 tsiku lililonse kwa masiku asanu, ndipo amene akukayikiridwa kuti ubongo wayamba kale kukhudzidwa abayidwe jekeseni wa mlingo wokulirapo, kawiri kapena katatu patsiku. Diripi ya shuga kwa munthu wotere iziyenda pamodzi ndi B1, chifukwa shuga yekha amamaliza kakang'ono kamene kanatsala m'thupi. Ndi mankhwala akalekale, otsika mtengo, osafuna makina. Akafika msanga munthu amabwerera. Akachedwa, ambiri amatsala monga atsalira achimwene.

Tsono za timabotolo tija. L-glutamine uja ndi mmodzi mwa ma amino acid, ndipo ma amino acid si chinthu chodabwitsa ayi. Ndi tizidutswa timene timalumikizana kupanga mapuloteni, tilipo 20, ndipo 9 mwa ito thupi silingapange lokha, liyenera kutipeza m'chakudya. Ubongo umatengadi ena mwa ma amino acid amenewa popanga timadzi timene timayendetsa tulo ndi mtendere wa mumtima, ndipo ganizo loti munthu wosiya mowa awamwe m'mapiritsi linachokera pamenepo. Katswiri wina wa ku Texas, Roger Williams, anayesa glutamine pa makoswe m'zaka za m'ma 1950. Bill Wilson, mmodzi mwa oyambitsa gulu la Alcoholics Anonymous, anatha zaka zake zomaliza akulimbikitsa anzake kumwa vitamini B3 wochuluka. Sanali anthu opusa kapena akuba. Koma papita zaka zoposa 60, ndipo kafukufuku wamkulu wooneka ndi maso wotsimikiza kuti mapiritsi amenewa amaletsa munthu kubwerera ku mowa sanapezekebe. Mankhwala amene umboni wake unakwanira ndi ena, naltrexone ndi acamprosate, amene a WHO anawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2023. Amenewo simuwamva akutsatsidwa pa Facebook.

Kukanakhala kungotaya mbuzi, bwenzi ndikungodandaulira mumtima. Koma timabotoloti tili ndi mano. Mu 1989 ku America anthu oposa 1,500 anadwala ndipo oposa 30 anamwalira atamwa mapiritsi a L-tryptophan opangidwa ndi fakitale imodzi ya ku Japan. Anali ogulidwa m'sitolo mwaufulu, olembedwa kuti ndi achilengedwe. 5-HTP akakumana ndi mankhwala a matenda a nkhawa monga amitriptyline kapena fluoxetine atha kumutenthetsa munthu thupi, kumunjenjemeretsa ndi kumusokoneza mutu. Vitamini A kapena B3 womwa mopyola muyeso amapweteka chiwindi chimene kachasu wachitafuna kale. Ndipo kwa ife a Chiradzulu pali china chachikulu. Kuyambira mu 2019 ambiri a pa ma ARV akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwidwa ndi calcium, iron, magnesium kapena zinc m'mimba n'kulephera kulowa bwino m'magazi ngati munthu wameza zonse nthawi imodzi mosatsata malangizo. Mapiritsi ambiri owonjezera mphamvuwa amakhala ndi zimenezi. Therere lina la kunja lotchedwa St John's wort, limene limapezeka m'mankhwala ena oti ochotsa nkhawa, limafooketsanso ma ARV. Mnyamata wa tayi uja sanatifunse ngati achimwene ali pa mankhwala ena alionse.

Pali amino acid mmodzi amene ndingamuikire umboni kuti akusowadi m'mbale zathu, ndipo ndi tryptophan yemweyo. Chimanga chili naye wochepa, ndipo vitamini B3 wa m'chimanga ndi womangika, thupi silimutulutsa. Kwawo kwa chimanga ku Mexico amachiphika ndi laimu kapena phulusa kuti amasuke. Ife tinalandira mbewu, nzeruyo inatsalira komweko. Zikasowa ziwirizi pamabuka pelagra: khungu la pakhosi ndi kuseri kwa manja kuda n'kumasupuka ngati lawauka ndi moto, kutsegula m'mimba, kenako mutu kubalalika. Dziko lino likuidziwa. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala 1990, anthu pafupifupi 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala nthendayi kuno kummwera, chifukwa mtedza unasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira. Mtedza basi. Inaonekeranso boma litayamba mu 2017 kupereka isoniazid woteteza TB kwa anthu a pa ma ARV m'maboma asanu, Chiradzulu ali momwemo, pakuti mankhwalawa amasokoneza njira imene thupi limasandutsira tryptophan kukhala B3. Tsono taganizirani bambo womwa kachasu, wodya nsima yoyera ndi masamba owiritsa, wa pa mankhwala a TB. Tikamuona pamsika timangoti wapsa ndi kachasu, n'kumulambalala, pamene mapiritsi a nicotinamide akanamusintha m'masiku owerengeka.

Zimene amagulitsa m'timabotolo zija, Bwana, ife timalima. Nandolo amene mavenda amatipikula motchipa kuti akakwere sitima ya ku India, khobwe, nyemba, soya, nsinjiro zotendera nkhwani, zonsezi zimakwaniritsa zimene chimanga chikuperewera. Boma lino ndi la ng'ombe za mkaka. M'mawa uliwonse zigubu zimatsetsereka panjinga kupita kumalo osonkhanitsira mkaka, mwini ng'ombe osasiyako ngakhale kapu imodzi. Dzira limodzi, usipa kapena bonya wodzaza dzanja, phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, ndi nsima ya mgaiwa m'malo mwa yoyera, munthu wapeza ma amino acid onse 9 ndi B1 yemwe. Mbuzi yathu ija ikanagula zimenezi miyezi ingapo. Sindikunena ngati wosadziwa njala. Minda kuno ndi timagawo, mu Febuluwale nkhokwe zimakhala zili gwaa, ndipo chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola mudzi wa Ntauchira, makomo ambiri sanaimebe bwino. Nyumba ya chidakwa ndiyo imayamba kugona ndi njala, poti ufa umene unalipo unasinthidwa kale ndi botolo. N'chifukwa chake ndikuti wosiya mowa amene wawonda kwambiri aziyezedwa sikelo ndi kuganiziridwa pa Likuni Phala monga amachitira ndi wa TB. Wofookeratu azidyetsedwa pang'onopang'ono achipatala akuona, chifukwa thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kuvutika.

Mwina munena kuti nkhani za mowa ndi za akatswiri a matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental chili pafupi, koma anthu amaopa dzina lake, ndipo palibe amapita kumeneko chifukwa cha manja onjenjemera. A St John of God amathandiza osiya mowa, koma ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu wathu amagwa Lachitatu usiku ku Namitambo, ku Mauwa, ku Ndunde, ku Chitera, ndipo amene amamuona koyamba ndi namwino. Boma lino lili ndi mbiri pa zoterezi. Mu 2001, pamene ambiri ankati ma ARV sangatheke kumudzi, a bungwe la madokotala la MSF pamodzi ndi unduna wa zaumoyo anayamba kuwapereka ulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu. Kenako anawatsitsira kuzipatala zing'onozing'ono, anamwino n'kuyamba kuyambitsa anthu mankhwala, alangizi a zaumoyo n'kumathandiza kugawa. Dziko lonse linadzaphunzira kuno. Ntchito imene ndikupemphayi ndi yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo: thiamine wa mapiritsi ndi wa jekeseni akhale pashelefu ya chipatala chilichonse, ndipo wodwala wamkulu aliyense wofika atasokonezeka kapena atakomoka, malungo akapanda kupezeka ngakhale atapezeka, abale ake afunsidwe funso loyenera. Asamafunsidwe kuti kodi amamwa, chifukwa tidzabisa monga tinabisira ife. Azifunsidwa kuti anamaliza liti kumwa.

Kumudzi nako uthenga ufike. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya pa sikelo ya ana, koma abambo sakhalapo pamenepo. Apezeni kumene ali: kwa amfumu, kumpingo, kumzikiti, kumaliro, pa siteji ya kabaza. Abusa ndi mashehe ndiwo amalandira anthu olapa mowa, ndipo ambiri angakondwe kudziwa kuti amene wamwa kwambiri zaka zambiri asamaleke yekha kuchipinda, ayambe wadzera kuchipatala, pemphero lizimutsata komweko. Ngakhale amayi otcheza kachasu auzeni. Amadziwa makasitomala awo kuposa akazi awo, ndipo palibe amafuna maliro pakhomo pake. Boma linaletsa masacheti, mowa n'kusamukira m'timabotolo. Linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017. Mu 2024 tinamva za anthu amene anafa ku Blantyre ndi mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni, apolisi n'kuthamangathamanga. Zonsezi zimayang'ana munthu amene akumwa. Amene waleka dzulo palibe akumuyang'ana, kupatula wamalonda. Amalondawo muwatumizire a bungwe loona za mankhwala la PMRA akaone zimene akulonjeza anthu, pakuti kunena kuti botolo limachiza uchidakwa ndi kulitcha mankhwala, ndipo mankhwala ali ndi malamulo ake.

Achimwene sawerenga kalatayi, ndipo ndikawawerengera adzaiwala ndisanafike kumapeto. Koma kuseri kwa msika kuja kukadali anzawo asanu ndi mmodzi amene ankakhala nawo pa benchi, ndipo mmodzi wandiuza kale kuti akufuna kuleka akakolola nandolo. Ndamuuza kuti tsiku limenelo ndidzamuperekeza ndekha kuchipatala. Chonde Bwana, musanafike mwezi umenewo, itanani a ku famase muwafunse kuti thiamine alipo wochuluka bwanji, wa jekeseni ndi wa mapiritsi, ndi kuti ndi zipatala zingati za m'boma lino zimene zili naye lero.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Dera la Mfumu Yaikulu Kadewere, Chiradzulu.